Mlimi Amene Anatsitsa Galimoto Yake

Panali mlimi wina wa mbatata ya kachewere kumapiri a Tsangano, dzina lake a Chimkwita. Iwo ndi akazi awo, aNangondo, anayamba ulimi ndi makasu awiri okha. Kwa zaka zambiri ankasenza matumba pamutu kutsetsereka nawo kumsewu, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo, uku akukangana kuti njira yachidule ndi iti.

Imvi zitayamba, Mulungu anawakumbukira. Anamanga nyumba pa boma la Ntcheu, ndipo a Chimkwita anagula galimoto yaikulu, ya zija zokwera mapiri ndi kuwoloka mitsinje. Sizinawakwanire. Anapita nayo kwa makaniko kuti aiikire masipuling'i aatali ndi matayala akuluakulu, mpaka inatalika ngati nkhokwe. M'nyengo ya mvula, magalimoto ena akatitimira m'matope panjira ya kumunda, iwo ankangodutsa, chigongono chili pawindo. Ankaikonda galimotoyo, ndipo sankabisa.

Koma mawondo a aNangondo anagwidwa ndi nyamakazi. Tsiku lina kumaliro, anthu akubalalika, mayiwo analephera kukwera. A Chimkwita, ndi chikondi chawo chopupuluma, anawagwira m'chiuno n'kuwakweza pampando. Amayi ena anaseka. Sichinali chipongwe, komabe anaseka. A Chimkwita nawonso anaseka, n'kuiwala.

Kuyambira tsiku limenelo aNangondo anasiya maulendo. Kutchalitchi ankapita wapansi ndi ndodo, akumati kuyenda kumawongola miyendo. Kumunda ankati kukuzizira. Ku ukwati ankati zovala zadzaza m'beseni.

Kenaka mwana wawo wamkazi, wokwatiwa ku Zomba, anabereka mwana wake woyamba.

"Konzekani," anatero a Chimkwita, "Loweruka tikaone mdzukulu."

"Pitani inu, bambo. Mukandijambulire pafoni."

Ananena zimenezi akuluka kachipewa ka khandalo, osadzutsa mutu. Mawuwo anawalasa a Chimkwita. Mumtima anadzifunsa kuti, kodi munthu amene ndayenda naye zaka makumi anayi watopa kukhala pambali panga?

M'mawa wa Lachitatu, akuchokera kosamba kuseri kwa nyumba, anaona chitseko cha galimoto chili chotsegula. ANangondo anali ataima pamenepo okhaokha. Anagwira chogwirira, nakweza mwendo wamanja. Phazi silinafike pachopondera. Anayesa wamanzere. Anayesanso kachitatu, mano atalumana. Kenaka anatsamiritsa chipumi pampando, naima choncho kwa kanthawi. Anatseka chitseko mwakachetechete, napukuta ndi nsonga ya chitenje pamene panagwira dzanja lawo. Pobwerera anakwera sitepe ya pakhonde popanda kugwira kanthu, nalowa m'nyumba.

A Chimkwita anaima kuseri kwa khoma, sopo ali m'manja. Sanatsokomole, sanaitane. Anakumbukira za kumaliro kuja, ndipo kuseka kwawo komwe kunawamvekeranso m'makutu.

Atavala, anatola phesi la chimanga, naliimika pa sitepe ya pakhonde ija, nalithyola pa msinkhu wake. Analiika m'thumba la jekete, naliza galimoto kupita kwa a Wadi, makaniko yemwe uja anaikweza.

"A Wadi, ndikufuna muitsitse. Chopondera chifike apa." Anaimika phesi pansi.

"Kutsitsa? Bwana, anthu amabwera kuno kudzakweza. Imeneyi ndinaikweza ndi manja angawa."

"Manja omwewo aitsitse."

Makaniko anagwada, nasuzumira kunsi, napukusa mutu. "Ndichotsa masipuling'i aataliwa, ndiika aafupi, ndi matayala ang'onoang'ono. Zitheka. Koma mudziwiretu: mimba yake izikhula pansi. Mvula ikagwa, kumunda kwanu simudzafikako."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukuipheranji galimoto yabwinobwino?"

A Chimkwita anati, "Phesi limeneli ndi pamene pamafika mwendo wa alamu anu."

A Wadi analiyang'ana phesi lija. Anapukuta manja, nakoka jeke.

Ntchito inatenga masiku awiri. Lachisanu masana a Chimkwita anakaitenga galimoto yawo, ndipo poyamba sanaizindikire. Atakhala pampando anaona ngati akhala pamphasa. Pa chitunda choyamba cha pamsewu, kunsi kunamveka khwee, ndipo iwo anatsinzina ngati wakhulika ndi msana wawo. Anzawo a pabawo, ataiona ikudutsa, anaimirira ndi kufuula kuti njovu yasanduka kamba. Iwo anangowakwezera dzanja.

Loweruka m'mawa anaiimika pafupi ndi khonde. ANangondo anatuluka ndi kamtolo: kachipewa kaja, mtedza, ndi nsalu yatsopano yoberekera mwana.

"Mukampatse izi. Mukamuuze kuti..." Mawu anathera pamenepo. Anaiyang'ana galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Kodi matayala aphwa?"

"Ayi."

"Nanga yatani?"

"Yakalamba. Yayamba kuwerama ngati eni ake."

A Chimkwita anatsegula chitseko cha mbali ya akazi awo, nachisiya chotsegula. Iwo anapita kumbuyo kwa galimoto ndi kasanza, nayamba kupukuta galasi limene anali atapukuta kale. Sanacheuke. Anapukuta, napukuta. Kenaka anamva galimoto ikugwedezeka pang'ono, monga imachitira munthu akakhala.

Atasuzumira, aNangondo anali pampando, kamtolo kali pamiyendo, maso ali kutsogolo. M'masomo munali misozi, koma mawu anatuluka owuma ngati masiku onse.

"Inu bambo, galasilo muliboola. Ndipo simukuganiza kuti ndikaonekere kwa apongozi ndi chitenje cha kukhitchini ichi? Dikirani ndikasinthe."

Anatsika okha. Analowa m'nyumba, natuluka atavala diresi la buluu ndi duku, nakweranso okha. Njira yonse ya ku Zomba anakangana za kuthamanga kwa galimoto, ndipo a Chimkwita ankangomwetulira. Dzuwa lisanafike pamutu, aNangondo anali atamufukata mdzukulu wawo.

Mvula itabwera, mawu a makaniko anapherezera. A Chimkwita ankasiya galimoto pamene msewu wabwino wathera, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza mpaka kumunda, ndipo ankabwerako matope ali m'mawondo. Sanawauze akazi awo chifukwa chimene anatsitsira galimoto, nawonso akazi awo sanafunse. Koma tsiku lililonse lotere, pofika pakhomo ankapeza madzi ofunda m'beseni, ndi kampando pambali pake.

Tsono inu amene mwamva, mukafika kwanu muyang'ane amene wasiya kuyenda nanu. Musathamangire kunena kuti mtima wake wasintha. Munthu amene amakukondani sanena msanga kuti chinthu chimene mumanyadira chamutalikira. Amangopeza chifukwa chotsalira. Musadikire kuti apemphe, ndipo musamuthandize mochititsa manyazi anthu akuona. Tsitsani chinthucho mpaka pamene iye angafike yekha. Mukatero, yang'anani kumbali, mumusiye akwere ndi ulemu wake.