Khwangwala ndi Chinsinsi cha Msoti

Mbalame za m'mudzi wina zinali ndi mpingo wawo pansi pa mtengo wa mkuyu, koma zinkasowa mlangizi wa achinyamata. Zinasankha Khwangwala. Mavesi ankawadziwa, mawu anali nawo, ndipo khosi lake loyera lija ankalinyadira ngati kolala ya abusa. Koma abale inu, m'mimba mwa Khwangwala simunkagona nkhani!

Tsiku lina maphunziro a Baibulo atatha, Msoti, mwana wa mayi Thadzi, anatsalira. Ankangopalasa pansi, mutu uli zyoli.

"Alangizi, ndili ndi nkhani, koma ikhale ya awiri."

"Yankhula, mwana wanga."

"Kwathu njala yavuta. A Likongwe akhala akundipatsa ngumbi kutchire, ndiye tsopano akuti ndikaone kwawo. Ndikuopa. Nditani?"

Khwangwala anagwidwa nthumanzi, pakuti ndani sadziwa kuti Likongwe amadya nkhuku? Anamupempherera mwanayo namuuza abwerere kunyumba. Koma nkhani ija inamuyabwa pakhosi sabata yonse, mpaka anadzinamiza kuti pemphero la ambiri ndiye lamphamvu.

Lamulungu, nthawi ya zolengeza, anaimirira nakonza kukhosi.

"Okondedwa, timupempherere mlongo wathu Msoti, amene akudya ngumbi za Likongwe kutchire."

Mpingo wonse unangoti, "Haa!" Pemphero lomwelo silinachitike n'komwe. A Tambala, mkulu wa mpingo, anadzuka lipombo lili psuu.

"Mwambo ndi mwambo," anatero a Tambala. "Akhale kumbuyo miyezi itatu, ndipo kwaya asiye."

Kumbuyoko kunali kunja kwa mthunzi, m'mphepete mwenimweni mwa udzu. Podutsa kupita kumeneko, Msoti anaima pafupi ndi mlangizi wake.

"Alangizi, si ndinati ya awiri?"

"N'chikondi chimenechi, mwana wanga," anayankha Khwangwala, maso ali kumbali.

Chikondi chake chiti? Mumtima ankadziwa kuti walakwa, ndipo manyazi anamugwira. Anafuna kuwadandaulira a Tambala, koma anaopa kuoneka wolekerera tchimo. Anafuna kupita kwa mayi Thadzi, koma tsiku lililonse ankati mawa.

Anzake a Msoti anayamba kumulambalala, makolo awo atawaletsa. Ankafika yekha, kukhala yekha padzuwa, n'kubwerera yekha. Mu mpingo wonse panalibe womupatsa moni. Womufunsa kuti wadzuka bwanji anatsala mmodzi yekha, Likongwe, wobisala muudzu muja.

Lamulungu lachitatu Khwangwala akutsogolera kwaya, anaona udzu ukugwedera kumbuyo kwa Msoti. Anakumbukira za Likongwe, koma anati amalize kaye ndime yotsiriza, asasokoneze chipembedzo. Nyimbo itatha anaulukira komweko. Anapeza nthenga zokhazokha, zili mbwee mpaka kutchire.

Analira Khwangwala, anafuula mpaka mawu kusasa, koma madzi akatayika saoleka. Mayi Thadzi anabwera pang'onopang'ono, natola nthengazo imodziimodzi. Sanatukwane. Anangomuyang'ana, misozi ili chuchuchu.

"Alangizi, pakhomo panga mumapadziwa. Mukanabwera kudzandinong'oneza ine mayi wake, bwenzi mwana wanga ndikumufungatira lero."

Phunziro: Wachinyamata akakuululira zakukhosi, wakupatsa moyo wake kuti uusunge. Muthandize mwakachetechete pamodzi ndi oyenera kudziwa, osamuyalutsa pagulu m'dzina la pemphero. Ndipo mwana wolakwa musamukankhire kumbuyo, chifukwa kumeneko n'kumene mdani amadikirira.