Mabotolo Makumi Anayi a Mafuta Odzola

Panali mayi wina ku Luchenza amene ankapanga mafuta odzola. Luso limeneli anamuphunzitsa ndi mlamu wake, koma awiriwa atakangana polimbirana makasitomala, anangotsala a moni wapanjira.

Mafuta ndi madzi sizigwirizana, izi ngakhale mwana amadziwa. Kuti zikhale pamodzi pamafunika phula lina loyera, limene mbali ina limagwira mafuta, mbali ina madzi. Pamafunikanso kaufa kolimbitsa, kuti zodzolazo zisakhale zamadzimadzi ngati phala la wodwala.

Tsiku lina amayi a kutchalitchi anaitanitsa mabotolo makumi anayi oti akapereke kwa okalamba Lamulungu. Aka kanali koyamba kumukhulupirira ndi ntchito yaikulu chotere. Koma phula linali litatsala pang'ono, ndipo kogula kunali ku Limbe. Mayiyo anati mumtima, bola zilimbe, adziwe ndani? M'malo mwa phula loperewera, anathira kaufa kambirimbiri. Zinalimbadi mpaka supuni kumaima yokha, iye n'kumadzitama kuti wapeza njira yachidule.

Lachisanu mlamu uja podutsa anaona botolo limodzi pawindo, padzuwa. Mafuta anali atayamba kuyandama pamwamba. Akanatha kungodutsa, n'kudikira kuti mnzakeyo akachite manyazi pamaso pa mpingo wonse. Koma anabwerera kwawo, nakatenga phula lake lonse m'kachitini.

"Alamu, mwalimbitsa koma simunagwirizanitse," anatero. "Pofika Lamulungu onsewa akhala atalekana. Tengani ili, tiyambirenso."

Mayiyo anakhuthula mabotolo onse makumi anayi, nawatsuka. Awiriwo anatenthetsa madzi mumphika wina, mafuta ndi phula mumphika wina, mpaka kutentha kunafanana. Wina ankathira pang'onopang'ono, wina akutakasa. Kaufa kolimbitsa kanagwira ntchito yake, koma tsopano kanali kochepa chabe. Atatseka botolo lomaliza, mayiyo anagwira dzanja la mlamu wake ndi manja awiri, nathokoza misozi ili m'maso, pakuti anadziwa kuti chifundo chimenechi sichinali chomuyenera.

Abale anga, alipo mabanja ooneka olimba koma mkati mwake anthu sanagwirane, akungodikira tsiku lotentha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati alipo amene anakuuzani zoona anthu asanakusekeni, nakupatsaninso chake kuti mukonzere, pitani mukamuthokoze akadali moyo. Musasunge mawuwo kuti mudzawanene pamaliro pake.