Mamba a Ngaka ndi Phula la Nguluwe

Kalekale, nyama zisanaleke kulankhula, m'kati mwa nkhalango yaikulu munali mudzi. Yankhani kuti tili tonse, chifukwa ndikayamba sindibwerera m'mbuyo. Nkhalango yake inali yowirira, moti dzuwa linkangosuzumiramo, ndipo masamba ankadontha madzi ngakhale mvula isanagwe.

Mudziwo unalibe mfumu, unalibe munda, unalibe nkhokwe. Nyumba zake zinali misasa ya timitengo topinda, yofolera ndi masamba aakulu, yoti mayi ankaimanga m'mawa n'kugonamo tsiku lomwelo. Ankadya uchi, bowa ndi mpama wokumba m'nkhalango. Zakudya zikatha pafupi, ankaphwasula misasa n'kusamuka.

Miyambo yawo inali iwiri yokha. Woyamba unali wakuti mnzako akakupempha chinthu, iwe n'kumva ndi makutu ako, umam'patsa osafunsa kuti achita nacho chiyani. Koma kutenga chinthu mwini wake asanamve pempho, kumeneko kunali kuba. Wachiwiri unali wakuti tsiku losamuka aliyense amasenza zake. Choncho zinthu zinkangozungulira, nkhwangwa lero kwa uyu, mawa kwa uyo.

Masiku amenewo nyama zinkavula michira, nyanga ndi zikopa monga mmene inu mumavulira malaya. Musandiyang'ane choncho, ndi mmene zinalili.

M'mudzimo munali Ngaka, mayi wamasiye, wofatsa, wodya chiswe ndi nyerere. Lilime lake linali lalitali kuposa thupi lake. Chuma chake chonse chinali chovala cha mamba olimba. Akaona zoopsa ankangodzipinda n'kukhala ngati mwala, ndipo Kambuku, amene ankakhala kunja kwa mudzi, anali atathyolerapo kale mano awiri.

Chaka china kunabwera mkamwini wochokera kumadambo, dzina lake Nguluwe, ndipo anakwatira mlongo wake wa Gwape. Mudzi wonse unkamuitana kuti alamu. Gwape atam'fotokozera miyambo ija, Nguluwe anasiya kutafuna.

"Alamu, mwati chilichonse?"

"Chilichonse," anatero Gwape.

"Bola mwini wake amve?"

"Bola amve."

Nguluwe anapita kukatapa phula pachisa cha njuchi, nalikanya, nalitsekera m'makutu onse awiri. Atatero anayamba kuyendera misasa akuimba:

"Ndapempha, ndapempha,
Inu mwamva, mwamva,
Ine ayi!"

Tsiku loyamba anapempha miphika, nkhwangwa, madengu ndi maukonde osakira. Anam'patsa. Gologolo atapita kukapempha mphika umodzi wokha, Nguluwe anangomwetulira n'kunena kuti, "Inde alamu, kunja kwacha bwino."

Tsiku lachiwiri anapempha mchira wa Gologolo, nyanga za Gwape ndi makutu a Njovu. Mawanga a Nkhanga nawo anawapempha, nawathothola n'kuwasunga m'chikho. Njovu anatsala ndi mutu wosalala ngati dzungu. Pobwerera Nguluwe anamva kunjenjemera kwa nthaka pamene a Nchima, nyani wokalamba, ankatsokomola, ndipo anaima.

"Agogo, chimene mukugwedezeka nachocho n'chiyani? Ndachipempha."

"N'chifuwa, mwanawe. Chandivuta zaka zisanu."

Nguluwe sanamve. Anangotambasula dzanja, ndipo a Nchima anam'patsa chifuwacho ndi manja awiri, akugwada.

Tsiku lachitatu anafika pakhomo pa Ngaka. Ngaka atamuona, mtima wake unagwa, pakuti m'nyumba mwake munalibe kanthu kena.

"Alamu Ngaka, chovala chanucho ndachipempha."

"Alamu, ichi n'chokhachi. Ndikavula, Kambuku andidya."

"Zikomo kwambiri," anatero Nguluwe.

Ngaka anali atamva, ndipo mudzi wonse unaona kuti wamva. Anavula mamba ake akulira, natsala wofewa ndi wotuwa ngati nkhono yopanda chigoba. Nguluwe anawavala pamsana, ngakhale sanam'kwane, nabwerera kwake akuimba.

Amenewo anali masiku owawa kwa Ngaka. Akapita pachulu, nyerere zimene ankadya zinayamba kum'dya iyeyo. Kamphepo kakawomba ankanjenjemera. Ndipo tsiku lina akutunga madzi, anaona Kambuku atakhala pamwala tsidya lina la kamtsinje, akumuyang'ana mwachikondi.

"Moni mayi. Masiku ano mukuoneka bwino."

"Zikomo, bambo," anatero Ngaka.

"Pano nkhama zanga zidakali zotupa. Koma mvula yoyamba ikangogwa, ndidzabwera kudzakuchezerani."

Ngaka anayang'ana kumwamba kudzera m'mipata ya masamba, naona mitambo itayamba kuda. Anathawa osatunga madzi.

Anapita kwa Nguluwe n'kukuwa mpaka kummero kunauma: "Alamu, ndikupempha mamba anga!" Nguluwe anayankha kuti, "Inde, bowa wa chaka chino ndi wokoma."

M'mawa mwake anaitana mudzi wonse kuti upemphe pamodzi. Anakuwa onse, Njovu naye analiza chitamba mpaka zipatso zinayoyoka m'mitengo. Nguluwe anatola zipatsozo n'kudya.

Tsiku lotsatira Ngaka anam'peza akuwodzera masana, ndipo anatulutsa lilime lake pang'onopang'ono kuti atokosole phula lija. Koma makutu a Njovu anali ataphimba makutu a Nguluwe, omangidwa ndi luzi pansi pa chibwano. Lilime linasochera, Nguluwe anatembenuka n'kulikhalira. Ngaka anaima pamenepo, lilime lili pansi pa mlamu wake, mpaka dzuwa linapendeka.

Pa nthawi yonseyo analibe choyang'ana china koma mulu wa katundu. Mulu unali utaboola denga la msasa: miphika pa maukonde, maukonde pa madengu, mitondo, nkhwangwa, mpaka ng'oma ya mudzi pamwamba. Ngaka anauyang'ana, nauyang'ananso. Lilime lake litamasuka, anapita kwake osalira.

Kutacha, nyama zikuothera moto pabwalo, Ngaka anakhosomola pang'ono. Kumeneko aliyense ankalankhula maganizo ake, wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

"Anzanga, uchi wa kuno sitikuufikira. Mpama sitikukumba. Ine ndati tisamukire tsidya lija la mtsinje waukulu."

"Uchi ulipo wambiri, mayi," anatero Gologolo. "Chikutisowa ndi nkhwangwa."

"Ndikudziwa," anatero Ngaka. "Nkhwangwa zili ndi mwini wake, ndipo tsiku losamuka aliyense amasenza zake."

Pamenepo a Nchima, amene tsopano anali ndi chifuwa chopepuka ngati cha mnyamata, anaseka mpaka kugwa pachitsa. Dzuwa lisanakwere, misasa yonse inali pansi.

Nguluwe ataona misasa ikugwa, anadziwa kuti tsiku losamuka lafika. Kusiya kanthu sankafuna. Anamanga katundu yense ndi maukonde n'kudzisenzetsa, navala nyanga, michira iwiri, makutu anayi ndi mamba. Anzake anayenda chimanjamanja, akutola zipatso m'njira, akuimba. Iye ankabwera m'mbuyo, miyendo ikupindika, chifuwa chija chikum'gwedeza: "Hrooo! Hrooo!"

Pamtsinje waukulu panali ulalo wa zilambe zolukana, wolendewera pamwamba pa madzi. Onse anawoloka mmodzimmodzi, ngakhale Njovu, poti analibe katundu ndipo makutu anali atam'pepukira. Nguluwe anaponda ulalo. Unalira. Anapondanso. Atafika pakati, mphepo ya mvula inawomba, luzi la pachibwano linaduka, ndipo makutu a Njovu anatambasuka mbali zonse ziwiri. Ulalo unayamba kupita uku ndi uku. Nguluwe anatsokomola, ndipo chilambe chimodzi chinati phwa!

"Alamu anga! Ndipempheni! Ndipempheni msanga, ndikufa!"

Nyama zonse zinakuwa kuchokera kumtunda. "Tikupempha mtondo! Tikupempha ng'oma! Ndikupempha mchira wanga!"

"Bwanji mukungoyasamula ngati nsomba? Ndati ndipempheni!"

"Chotsani phula!" anakuwa Gwape.

"Inde, ndine mlamu wanu! Mundichitire chifundo!"

Kuchotsa phula Nguluwe sakanatha, pakuti manja onse awiri anali atagwira zilambe. Kum'landa katundu anzake sakanatha, pakuti pempho anali asanalimve, ndipo m'mudzi umenewo munalibe mbala. Kuponda paulalo sakanatha, pakuti ngakhale gulugufe akanatera pamenepo, ukanaduka. Chilambe chachiwiri chinati phwa! Ndipo dontho loyamba la mvula linagwera pamsana pa Ngaka.

Ndisakunamizeni, mumtima mwake Ngaka ankafuna kuti mlamuyo agwe. Anam'kwiyira kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa. Koma akagwa, mamba apita ndi madzi. Komanso misozi imene inkatsika pamphuno ya Nguluwe inali yeniyeni, ndipo Ngaka, poti anali mayi wofatsa, zinam'khudza.

Anaima m'mphepete mwa gombe n'kutulutsa lilime. Linayenda pamwamba pa zilambe, linayenda, linayenda, mpaka linafika. Tsopano makutu a Njovu anali m'mwamba ndi mphepo, ndipo khutu la Nguluwe linali poyera. Lilime linalowa, linazungulira kamodzi, n'kutuluka ndi phula lalikulu ngati dzira la nkhanga.

Ngaka anabweza lilime, nalavula phulalo, nalankhula mwaulemu wonse.

"Alamu, mukundimva?"

"Ndikumva! Mayo ine, ndikumva!"

"Ndikupempha mamba anga."

"Tengani! Tenganinso mtondo!"

"Mtondo sindinapemphe," anatero Ngaka.

Anakoka mamba ake ndi lilime. Kenaka aliyense anapempha chake, ndipo Ngaka ankawakokera chimodzichimodzi: mchira wa Gologolo, nyanga za Gwape, makutu a Njovu, miphika, maukonde, ng'oma. Chikho cha Nkhanga chinatayika pofika, mawanga n'kum'mwazikira thupi lonse, ndipo ali choncho mpaka lero. Ulalo unaleka kulira. Nguluwe anakwawa mpaka kumtunda, nagwada pamaso pa a Nchima.

"Agogo, chatsala n'chifuwa chanu. Chipempheni."

"Ayi mwanawe," anatero a Nchima. "Chikukukhala bwino."

Nguluwe anazungulira mudzi wonse, koma panalibe amene anachipempha. N'chifukwa chake mukakumana ndi nguluwe m'tchire, mumayamba mwamva "hrooo, hrooo" musanaione.

Mvula inayamba kugwa yamphamvu. Onse anathamangira kukadula masamba ofolera misasa yatsopano, ndipo Ngaka anatsala yekha pagombe akumanga mamba ake. Akumanga lomaliza, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Mayi, ndafika monga ndinalonjezera."

Ngaka anadzipinda msanga. Kambuku anam'gubuduza, anam'nunkhiza, anayesa kum'luma, ndipo dzino lachitatu linathyoka. Anakhala pansi mvula ikum'nyowetsa, naganiza, nakumbukira mwambo wa mudziwo. Anakonza kummero.

"Mayi Ngaka, ndikupempha mamba anuwo."

Zii.

"Mayi, ndati ndikupempha!"

Ngaka sanamve. Angamve bwanji munthu mutu wake uli pamimba, mchira utauphimba pamwamba? Kambuku anapempha mpaka mawu anam'thera, kenaka ananyamuka atagwira tsaya. Ngaka anadzitambasula, napita kukamanga nyumba yake, ndipo nkhwangwa yodulira timitengo anaipempha kwa Gologolo.

Phunziro lake ndi ili, ana inu: mwambo wopatsana umakoma aliyense akamatsegula manja ndi makutu omwe. Amene amangofuna kulandira, osamva anzake akapempha, tsiku lina katundu wakeyo adzam'lemera, ndipo adzasowa wom'tula.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene amawodzera, akaphule mbatata yake paphulusa, yapserera.