Chimbale cha Njanji Rekodzi

Situdiyo ya Njanji Rekodzi inali kachipinda kuseri kwa shopu yometera pa Golomoti, makoma ake omatidwa ndi mathireyi a mazira kuti phokoso la pamsewu lisalowe. Mwini wake, Davison, anali atajambulamo anyamata a hipu hopu ochokera ku Mua mpaka ku Mtakataka kwa zaka zambiri. Mu 2015 anaganiza zosonkhanitsa nyimbo zonse zimene zinagwedeza dera, n'kuziika pa chimbale chimodzi.

Yoposa zonse inali yake yomwe, imene anaimba ali mnyamata potukwanizana ndi woimba mnzake, Gidiyoni. Zonyoza zitamuthera, analumphira mlongo wake wa mnzakeyo: "Mlongo wako Enifa, lole ikaima wafika." Linali bodza lamkunkhuniza. Tchimo la mtsikanayo linali limodzi basi: dzina lake linkamveka bwino pafupi ndi mawu akuti wafika. Patapita nthawi Davison anakagwada, anapepesa, nalumbira kuti nyimboyo waikwirira. Enifa anamukhululukira, chikhululuko chinabala chikondi, mpaka Davison anakalowa chikamwini kwawo kwa Enifa.

Tsiku lina masana Enifa, pochokera kumsika kogulitsa tomato, anaima pakhomo pa situdiyo, dengu lili pamutu, atamva nyimbo ija ikulira m'katimo.

"Bambo a Edith, makutu angawa akundinamiza? Ija munati munaikwirira?"

"Iwe, chimbale chopanda imeneyi ndi ndiwo zopanda mchere. Anthu akuifuna."

"Anthu ake ati? Amene anandiloza chala mpaka ndinasiya kwaya? Mwana wanu ali pasukulu tsopano, amamva Chichewa."

"Tsobola wakale sawawa," anatero Davison, maso ali pa kompyuta.

Sawawa kwa amene sanamudye! Enifa anakonza nkhata pamutu, n'kumapita.

Naye Gidiyoni anabwera. "Alamu, ine munditukwane mpaka tsiku lachiweruzo, khungu langa n'lolimba. Koma mzere umodzi uja fufutani."

"Ukufuna ndidule mwendo nyimbo imene inamanga situdiyo ino? Nsanje idakalipobe eti?"

Chimbale chinatuluka, nyimbo ija ili yoyambirira. Inagwira ngati moto wolusa m'chilimwe. Anyamata oika nyimbo m'mafoni anaifalitsa, minibasi za pamsewu wa kunyanja zinkailiza, akabaza ankaiimba mluzu. Lole ikangoima pamsika, kondakitala wina wopanda mwambo ankakuwa, "Wafikaaa!" anthu n'kutembenukira pa benchi ya tomato. Enifa anasiya kupita kumsika.

Ndiye tsiku lina Edith anabwera kuchokera kusukulu, yunifolomu itang'ambika paphewa, mlomo utatupa.

"Ababa, Enifa wa m'nyimbo yanu ija ndi amayi? Anzanga akuti bambo anga enieni ndi adalaivala."



M'mawa mwake Davison anathamanga m'mashopu monse kulanda ma CD, nawatentha kuseri kwa situdiyo. Utsi usanathe, foni ya wometa tsitsi inalira, ndipo inalira ndi nyimbo yomweyo. Ungatenthe mafoni a Dedza yense?

Atabwerera kunyumba anapeza chikwama chake chili panja, mahedifoni ali pamwamba. Atsibweni a Enifa, a Laston, anali atakhala pakhonde.

"Akamwini, mudzi uno tinakulandirani titameza mwala. Mwatukwana mbumba yanga kawiri, kachiwiriko mukudya za m'munda mwake. Njira ndi iyo."

"Ndilankhule nawo kaye mayi a Edith."

"Mwalankhula kale. Dziko lonse lamva."

Chitseko sichinatseguke. Pawindo panaoneka kankhope ka Edith, kenaka dzanja linakoka nsalu.

Davison anasenza chikwama kulowera ku Golomoti. Minibasi imene anaimika inali ikuliza chimbale chake, mawu ake aunyamata akumuseka kuchokera m'sipika. Anaibweza ndi dzanja, nayenda wapansi, koma nyimboyo inamutsogolera mumsewu, ina n'kubwera pambuyo pake. Sananame akuluakulu: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.