Sitima ya Mbewu pa Chitunda cha Matope

Ana inu, sitima zapamtunda zoyamba zonyamula katundu zinali zaludzu kuposa ng'ombe. Zinkadya nkhuni n'kumwa madzi, ndipo madzi akasowa zinkangoti chilili, ngakhale muzinyengerere bwanji.

Chaka china mvula inachedwa. Sitima ina inasenza matumba a chimanga cha mbewu, kupita nacho kwa anthu a kumapiri amene anadya mbewu yawo chifukwa cha njala. Itafika pa kasiteshoni kena ka kuchigwa, inapeza thanki yomwetsera sitima itauma gwa.

Woyendetsa wake anali a Mkwapatira, munthu waluso ndithu, koma pakamwa pawo sipankatera ntchentche. Masiku anayi anakhala akuloza kumwamba.

"Mvula iwe, ubwera liti? Anthu akudikira mbewu uko!"

Thankiyo inkasamalidwa ndi mayi Nachanza chimwalirire amuna awo. Iwo ankangotuta mchenga kumtsinje wouma n'kumaunjika pakhonde.

"Mayi, anzanu tikulira madzi, inu mukututa mchenga?" anafunsa a Mkwapatira.

"Aliyense ndi ntchito yake, achimwene," anayankha mayiwo.

Tsiku lachisanu mvula inakhuthuka, thanki n'kusefukira. A Mkwapatira anavina, anasonkheza moto, sitima n'kunyamuka. Koma isanapite patali, pa chitunda choyamba, inapeza matope atakwirira njanji. Mawilo ankangozungulira pamodzimodzi. Mvula nayo inayamba kudontha m'malona ofundika matumba, ndipo mbewu ikanyowa m'thumba imaola.

Apa a Mkwapatira anagwidwa ndi mantha enieni. Anayamba kuitukwana mvula ija ngati sanaiitane okha.

Ali mkati motukwana, anaona mayi Nachanza akubwera ndi anthu a m'mudzi, ena makasu paphewa, ena madengu a mchenga pamutu.

"Tsikani, achimwene," anatero mayiwo mofatsa. "Dzulo munkailira ndinu. Munkayesa ibwera yokha? Walira mvula walira matope. Nali khasu."

Manyazi anawagwira bambo aja. Anapinda buluku, natitimira m'matope mpaka m'maondo. Anapala njanji pamodzi ndi anzawo, amayi akuwaza mchenga wouma patsogolo pa mawilo. Atabwerera pampando wawo, sitima inatsokomola, inagwira njanji, n'kuyamba kukwawa. Mbewu inafika kumapiri nthaka ikadali yonyowa, ngakhale matumba atatu a pamwamba anali atawonongeka.

Mawu a mayi aja ndi amene timanena mpaka lero: walira mvula walira matope. Chinthu chabwino sichiyenda chokha, chimabwera ndi zovuta zake. Wofuna mwana avomere kuchapa matewera, wofuna sukulu avomere kulawira kukuzizira. Choncho popempha mvula, ana inu, khasu likhale pafupi.