Kalavani ya Mkamwini

Kuseri kwa nyumba ya Laila, m'mudzi wina kufupi ndi Mauwa, kunkaima kalavani yoyera yomwe aliyense wodutsa ankaicheukira. Mwini wake anali Che Sabiti, mwamuna wa Lailayo. Anaigula ku Limbe itachita dzimbiri, mkati mukununkha mphemvu, ndipo anaikonza yekha ndi manja ake. Anaboola zenera lalikulu logulitsirapo, n'kuikamo mbaula ya gasi yokazingira tchipisi ndi samusa, fuliji ya zakumwa, ndi sipika yomwe inkamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Tsiku la msika kapena la mpira, pikapu ya hayala inkabwera kudzaikoka, ana akuithamangira pambuyo ngati ukwati.

Kuti mumvetse zomwe zinachitika, dziwani kuti Che Sabiti anali mkamwini. Kwawo kunali ku Machinga. Munda womwe ankalima unali wa Laila, malo a nyumba anali a Laila, ngakhale mango omwe ankadya anali a mumtengo wa apongozi. Pa nkhani za ana, mawu omaliza ankachokera kwa Shukuru, mchimwene wake wa Laila, yemwe anali mwini mbumba. Chinthu chokhacho chomwe Che Sabiti ankachiloza n'kunena kuti changa chinali kalavaniyo. Mmenemo anali bwana. Ankati akalowa n'kuvala epuloni, mapewa ankakwera okha.

Fuliji ndi sipika zinkayendera jenereta. Poyamba jeneretayo inkakhala panja, chapatali, ndi chingwe chachitali. Koma tsiku lina pamsika munthu wina anaipopa petulo eni ake ali kalikiliki ndi makasitomala, ndipo Che Sabiti analumbira kuti sadzadyetsanso mbava. Anainyamula n'kuimangirira mkati, pansi pa kauntala, mphuno ndi mphuno ndi silinda ya gasi.

Shukuru anaziona akudutsa kuchokera kumzikiti. Iye anagwirapo ntchito pamalo omwetsera mafuta ku Limbe, choncho atangosuzumira anaimika njinga.

"Alamu, awiriwa sagonera chipinda chimodzi. Jenereta imatentha, imathetheka, ndipo utsi wake umapha mwakachetechete. Itulutseni, muimange ndi tcheni kumtengo ngati mukuopa akuba. Komanso musadzathiremo petulo ikulira."

Che Sabiti anapukuta manja pang'onopang'ono. "Za munda munandiuza, ndinamva. Za sukulu ya ana munandiuza, ndinamva. Koma muno, alamu, ndi mwanga."

"Moto sudziwa kuti muno ndi mwa ndani."

"Zikomo, muyende bwino."

Ndikukuuzani zoona, mawu omwewo akanawanena mlendo wongodutsa, Che Sabiti akanathokoza n'kumuthirira tchipisi chaulere. Koma anachokera m'kamwa mwa mlamu, ndiye anawawa ngati tsabola wa kambuzi. Kutulutsa jeneretayo kukanakhala kuvomereza kuti ngakhale m'kalavani mwalowa ulamuliro wa kuchikazi. Munthu uja anasankha kuumitsa khosi.

Laila ndiye ankakazinga, ndipo sipanatenge nthawi kuti ayambe kudandaula mutu ndi chizungulire. Tsiku lina ananunkhiza n'kupeza kuti paipi ya gasi yang'ambika pafupi ndi pakamwa pa silinda. Anapakapo thovu la sopo, thovulo n'kumafufuma mwamuna wake akuona.

"Bambo a Farida, onani nokha. Ikutuluka iyi. Tigule paipi ina, ndipo jeneretayi ipite panja."

Che Sabiti anadula mphira ya chubu cha njinga n'kukulunga pong'ambikapo mwaluso. "Mphira imamanga thumba la chimanga kuchoka kuno mpaka ku Limbe, ndiye ilephere kapaipi aka?"

"Si achimwene akuyankhulawa, ndine. Ndine ndimaima pamenepa tsiku lonse."

"Mwatumidwa inu."

Laila anavula epuloni n'kuipachika pamsomali. "Ine ana anga akadali aang'ono. Ndizigulitsa zakumwa pathebulo panja. Muno muzilowa nokha."

Ndipo analowadi yekha. Misika inabwera n'kupita, osachitika kanthu. Apa ndi pomwe ngozi imapusitsira anthu, chifukwa imayamba yakulekerera kufikira utakhulupirira kuti ochenjeza aja ndi amantha chabe. Che Sabiti anafika pomaimitsa pikapu pakhomo pa mlamu wake n'kufuula, "Alamu, sitinapsetu!" Shukuru ankangokweza dzanja.

Kenako linafika tsiku la fainolo ya mpira wa m'midzi, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bwalo linadzaza. Mzere wa ofuna tchipisi unakhota mpaka kuseri kwa golo, ndipo Che Sabiti, thukuta lili kamukamu, ankakazinga akuvina. Chapakati pa masewero jenereta inayamba kutsokomola. Petulo anali kutha. Chingwe cholizira jeneretayo chinali chovuta, ikazima pankafunika kuchikoka mpaka phewa kuwawa, ndipo iye sanafune kuti nyimbo zidukize anthu onsewo akuona, makamaka poti Shukuru anali chapomwepo akuonerera mpira. Anatenga chigubu, n'kugwada, n'kutsegula thanki injini ikulira, mbaula ikuyaka pamwamba pake.

Laila anaona kudzera pakhomo. "Bambo a Farida, zimitsani kaye!"

Mawuwo anafika mochedwa. Petulo anadonthera pa injini yotentha, ndipo moto unangoti lawi! Unakwera chigubu, unagwira manja a malaya, unanyambita makatani. Mwamantha Che Sabiti anakhuthulirapo ndowa ya madzi otsukira mbatata, ndipo madziwo anangouyendetsa motowo pansi ponse mpaka kutseka khomo. Mphira ija inasungunuka, gasi n'kuyamba kufwenthera lawi lalitali.

Anthu anabalalika, osewera ndi oimbira mpira omwe. Mmodzi yekha ndiye anathamangira komwe ena ankathawako. Shukuru anafika pazenera logulitsira, anagwira mlamu wake m'khwapa n'kumukokera kunja ngati thumba, Che Sabiti akulimbana naye.

"Ndisiyeni! Kalavani yanga!"

"Isiyeni ipse! Tiyeni!"

Anamugwetsa pansi n'kumukulunga ndi chitenje cha Laila kuti malaya azime, kenako anamukokera kuseri kwa chulu, uku akukalipira anyamata omwe ankayandikira ndi mafoni kuti ajambule. Posakhalitsa silinda inaphulika. Kuphulikako kunamveka mpaka kumsika wa Mauwa, ndipo denga la kalavani linakagwera pakati pa bwalo. Mwa chifundo cha Mulungu palibe anafa, koma mpira sunapitirire.

Che Sabiti anagonekedwa kuchipatala cha ku Boma, manja onse ali m'mabandeji. Atatuluka anapempha kuti adutsire kubwalo kuja. Anapeza chitsulo chakuda chokhotakhota, malata otsala amisiri atazula kale kukasula mbaula. Ataona zimenezo analira ngati mwana, Laila atamugwira pamkono. Ndinamumvera chisoni munthu uja, pakuti sichinali chitsulo chokha chomwe chinapsa.

Kunyumba ankayembekezera chitonzo. Anali atakonzeka kumva mlamu wake akuti ndinanena ine, ndipo mwina zikanamupepukira akanamva. Koma Shukuru sananene. Ankabwera madzulo aliwonse kudzafunsa za mabala, n'kumapita. Mvula yoyamba itagwa, anabwera ndi khasu latsopano, n'kuliimika pakhonde pafupi ndi pomwe Che Sabiti anakhala.

"Alamu, mizere yanu ndayamba kukuunjikirani kumunda kwa alongo angawa. Manja akapola mudzapitirize."

Che Sabiti analiyang'ana khasulo, n'kuyang'ana manja ake omwe anali asanathe n'kugwira kapu yomwe. Munthu yemwe anakana kuuzidwa mawu amodzi m'kalavani mwake tsopano analibe poima pena paliponse koma m'munda wa eni, ndipo moyo womwe anali nawo anachita kupatsidwa ndi mlamu yemweyo.

"Zikomo, alamu," anatero ndi mawu otsika. "Ndamva."

Anamvadi, koma kumva kwake kunabwera phulusa litazizira kale. Chenjezo silisankha pakamwa potulukira, ndipo wolikana chifukwa chodana ndi mwini pakamwapo amakalipeza kutsogolo litasanduka chinthu chooneka ndi maso. Akuluakulu sananame pamene anati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.