Nyama Yowawa ya Sankhulani

Kalekale, ana inu, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali mkamwini dzina lake Sankhulani. Anali mlenje. Akatchera msampha sunkachedwa kugwira. Lero nkhanga, mawa insa, mkuja gwape. Mkazi wake anali Nangondo, ndipo anali ndi ana awiri, mtsikana Mwandida ndi mlongo wake wamng'ono Chatha.

Sankhulani ankadziwa kuwotcha nyama. Ankakoleza moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zikasanduka makala ankatunga nthuli pa timitengo, n'kumatembenuza pang'onopang'ono mpaka mafuta azidontha pamoto. Fungo linkadutsa mpanda n'kufika mudzi wonse. Ana ankabwera. Alamu ankabwera. Apongozi nawo ankatumiza mbale. Pomaliza mwini nyama ankatsala ndi nthuli zochepa, mtima uli chabechabe.

Kumana poyera sakanatha, pakuti mkamwini womana amabwezedwa kwawo. Anaganiza, anaganiza, mpaka anapeza nzeru.

Anapempha njere za tsabola wa kambuzi kwa munthu wina wapaulendo. Anafesa pafupi ndi pamene ankawotchera. Anathira manyowa a mbuzi. Anathirira m'mawa, anathirira madzulo. Tsabola anamera, anachita maluwa, anabala, anapsa kuti psuu! Iye anayamba kulawa, lero kamodzi, mawa tiwiri, misozi ili chuchuchu, mpaka m'kamwa munazolowera.

Tsiku lina anagwira insa. Anathyola tsabola wodzaza manja. Anasinja ndi mchere. Anapaka, anatembenuza, anapakanso. Kenaka anaitana.

"Bwerani mudye! Ine sindimana munthu!"

Alamu anabwera. Analuma kamodzi. "Mayo ine! Alamu, mwaika chiyani umu?" Anathamangira kumtsuko.

Chatha analuma, analira mpaka mawu anatha. Mwandida analavula, n'kumapukuta lilime ndi nsalu.

Nangondo anati, "Bambo a Mwandida, bwanji osapatula kaye ya ana musanapake?"

"Nyama yopanda tsabola ndi nyama? Adye, azolowera."

Anagwira nkhanga. Anasinja, anapaka, anatembenuza, anapakanso. "Bwerani mudye! Ine sindimana munthu!" Anagwira gwape, chimodzimodzi. Alamu anasiya kubwera. Apongozi anasiya kutumiza mbale. Ana akamva fungo ankapita kukakhala pansi pa nkhokwe. Ndipo palibe amene akanamuimba mlandu, chifukwa munthu uja ankaitana mokweza, mudzi wonse ukumva.

Nangondo naye anapeza nzeru yake. Mwamuna wake akakoleza moto kuseri, iye ankakoleza wake kukhitchini. Ankakanya nthochi zakupsa ndi ufa wa mgaiwa, n'kuthira chidulo pang'ono, n'kuika mumphika, makala pansi, makala pachivundikiro. Chigumu chikapsa ankadulira ana pansi pa nkhokwe paja. Bambo akudya nyama uko, ana akudya chigumu kuno. Mvula inagwa, inaleka, inagwanso. Ana anakula choncho.

Tsiku lina m'mawa Sankhulani anagwira gwape wonona. Anasenda, anadula, anapaka tsabola nyama yonse osasiyako ndi kanthuli komwe. Dzuwa lili paliwombo, nthuli zili pamakala, anamva mawu kumpanda.

"Odi kuno!"

Anali mayi ake omubala, a Nachuma. Anachokera kutali, kuseri kwa phiri, ndodo ili m'manja, mapazi atatupa. Chikwatirire mwana wawo anali asanapondeko m'mudzimo.

Sankhulani anakondwa. Anayala mphasa, anawapatsa madzi, anawalonjera. Mayi aja anati, "Mwana wanga, fungo ndalimva ndili kumtsinje. Ndanyamuka m'mimba mulibe kanthu. Ndinati ndikadya kwa mwana wanga mlenje."

Apo m'pamene Sankhulani anakumbukira. Anathamangira kuseri. Anatenga nthuli, anatsuka m'madzi, analawa. Ikuwawa! Anapala ndi mpeni, analawa. Ikuwawa! Tsabola anali atalowa mpaka kufupa.

Anapita kwa mkazi wake. "Amayi a Mwandida, nditani?"

Nangondo anati, "Perekani. Si mmene nyama imaphikidwira pakhomo pano?"

Kubisa sakanatha. Anasankha kanthuli kofewa, anaika m'mbale, anagwada n'kupereka.

A Nachuma anasamba m'manja. Analuma. Anatafuna kamodzi, kawiri. Kenaka anatsamwa. Anatsokomola, anatsokomola, maso anafiira, mpweya unakana kutuluka. Nangondo anathamanga, anawagwira, anawasisita kumsana, anawamwetsa madzi, kenaka anawanyemera chigumu kuti m'kamwa muzizire. Patapita nthawi anapuma bwino.

Atakweza maso anaona adzukulu awo ali phee pansi pa nkhokwe.

"Inu, bwerani kuno. Bambo anu apha gwape, inu mukutani uko?"

Mwandida anayankha, "Ife nyama sitidya, agogo."

"Chifukwa chiyani?"

"Nyama imawawa."

"Iyi yokha ndi imene yachuluka tsabola. Nyama ina siwawa."

Chatha anaseka. "Agogo sakudziwa! Nyama yonse imawawa. Ya nkhanga imawawa, ya insa imawawa. Amatha kudya ndi abambo okha."

A Nachuma anayang'ana ana aja. Anayang'ana dimba la tsabola kuseri kwa nyumba. Anayang'ana mwana wawo. Sankhulani anali atazolika.

Mayi aja anati, "Iwe, bambo ako sanali mlenje. Akakumba mbewa imodzi ankagawira nyumba yonse, iwo n'kutsala ndi mchira. Izi unaziphunzira kuti?"



A Nachuma anadya chigumu pamodzi ndi adzukulu awo pansi pa nkhokwe. Anagona. M'mawa anatenga ndodo yawo.

"Amayi, khalani! Ndikatchera msampha lero lomwe. Ndikuwotcherani ndi mchere wokha."

"Ayi. Ana awa akadzadya nyama ya m'manja mwako, udzanditumizire mawu. Ndidzabwera kudzadya nawo."

A Nachuma anathokoza Nangondo, anapita.

Tsiku lomwelo Sankhulani anazula tsabola yense n'kutaya kudzala. Anatchera msampha, anagwira nkhanga. Anawotcha ndi mchere wokha.

"Mwandida! Chatha! Bwerani, iyi ilibe tsabola!"

Ana anayang'anana. "Takhuta, ababa."

Anagwira insa. Anawotcha ndi mchere wokha. Ananyamula mbale mpaka pansi pa nkhokwe. "Lawani pang'ono pokha." Chatha anabisa nkhope kumsana kwa mayi ake. Mwandida analandira ndi manja awiri, mwaulemu, bambo atatembenuka anaponyera galu.

Anaitana alamu. Alamu anati, "Zikomo alamu, tadya kale." Iye mwini analuma nthuli, anatafuna, koma sanamve kukoma kulikonse. Lilime linali litapsa kalekale. Nyama inkangokhala ngati khungwa la mtengo.

Anayesabe. Anawotcha, anaitana. Anawotcha, anaitana. Nthawi ya masika Chatha anayamba kuyandikira pamoto. Tsiku lina ananunkhiza kanthuli, ananyambita, analuma.

"Mwandida! Siikuwawa! Bwera, siikuwawa!"

Mwandida anabwera, anadya. Anadya mpaka mafuta anayenderera m'zigongono.

Sankhulani sanadikire kutuma munthu. Anamanga mwendo wa gwape m'masamba a nthochi, ananyamuka yekha. Anawoloka mtsinje, anazungulira phiri. Atafika kwawo anapeza nyumba ya mayi ake ili yotseka. Mlongo wake anamulandira katundu, anamukhazika pansi, kenaka anamutengera kumanda kukamuonetsa mtumbira wa mayi awo. Dothi lake linali lisanaume.

Nthano yanga yafika pamapeto, ana inu, fumbirani makala tikagone. Munthu womana mochenjera amadzamana ndi amene sankafuna kuwamana.